Anatumbula Wotchi Yanga Ndili M'chipatala

Mawu anga ndi aakulu, ndipo sindinayambe ndapepesapo chifukwa cha zimenezo. Pa Kawale pano aliyense amene anakulira kufupi ndi msika akudziwa kuti ndikamalankhula ndi munthu mmodzi amamva ndi anthu khumi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndiye cholembera sichinandizolowere monga inandizolowerera sikuludiraiva. Koma nkhani iyi ndakhala pansi nkuilemba ndekha, masiku ambirimbiri, chifukwa ndikaikamba pakamwa anthu amayamba kuseka ndisanamalize, amati madala akwiyira kawotchi. Mundimve bwino. Papepala pano palibe wondidula mawu.

Ndinakonza mawotchi zaka zoposa makumi anayi. Tebulo langa linali pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika, pamwamba pake pali kabokosi ka galasi. Anthu ankachokera ku Area 25, ku Likuni, ngakhale mabwana a ku Area 47 ankaimitsa galimoto pafumbi lathu lija nkumafunsa kuti bambo a mawotchi aja ali kuti. Ndipo sindinkawaimirira ayi. Amene wabwera ndi wotchi yodwala ndiye amawerama.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa ku Chiradzulu. Iyeyo anapita ku migodi ya ku Joni, koma pansi sanakhalitseko chifukwa cha chifuwa, ndiye anakapeza ntchito yosesa kwa mzungu wokonza mawotchi. Akusesa choncho maso anali patebulo la mzunguyo, mpaka anaitola ntchito yonse. Ndi iyeyo ankandiuza za kwawo kwa mawotchi, dziko lozizira la mapiri lotchedwa Switzerland. Ankati kumeneko kuli nyumba zazitali za mawindo okhaokha, ndipo mkatimo anthu amakhala pamzere, wina ntchito yake kudula mano a kagudumu basi, wina kuboola timiyala tofiira basi, kuyambira ali wachinyamata mpaka imvi mbuu. Ankati kalekale wotchi inali ya olemera okha chifukwa mmisiri mmodzi ankaisula yonse ndi manja. Atabwera makina odula tizitsulo tofanana ndendende, ndi pamene wotchi inatsika mpaka kufika pamkono wa munthu wokumba mgodi. Ine kumeneko sindinapondeko. Koma ntchito ya anthu amenewo ndaiona ndi kagalasi ka padiso tsiku lililonse, ndipo ndikukuuzani kuti sankagwira ntchito yongothamangira kuweruka. Amapukuta kachitsulo kukhala ngati kalilole, pomwe kachitsuloko kakakhala mkati mumdima mosaona munthu.

Kenaka kunabwera mawotchi a ku Japan. Amenewo sindinakangane nawo, anali olimba ngati njinga ya kabaza. Kenaka kunabwera a batire, opepuka ngati chikho chopanda kanthu, oti akafa sukonza, umangotaya. Potsiriza kunabwera mafoni, anthu nkuyamba kufunsa nthawi m'thumba la buluku. Ndinakhala patebulo paja mwezi wathunthu ndikungosintha malamba ndi mabatire ngati wogulitsa mtedza, ndipo tsiku lina ndinanyamula zipangizo zanga nkukaziika m'sutikesi pansi pa bedi. Palibe anandithamangitsa. Ndinachoka ndekha.

Chimene ndinatsala nacho ndi wotchi imodzi, ya mkulu wa ku Chiradzulu uja. Anandivulira pamkono pake tsiku limene ankabwerera kumudzi atakalamba. Inali ya chigoba cha chitsulo, nkhope yoyera ngati mkaka, yolemera bwino pamkono. Ndipo apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Wotchi imeneyo inali ya otomatiki. Siifuna batire, ndiponso suchita kuipukusa m'mawa uliwonse. Kumbuyo kwa makina ake kuli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi. Ukamayenda, ukamaloza, ukamapereka moni, kachitsulo kaja kamazungulira nkumakunga sipuling'i yaikulu, sipuling'iyo nkumayendetsa timagudumu. Imadya kuyenda kwa mwini wake. Ukaivula nkuisiya masiku awiri, imagona. Siinafe, yangogona. Ukaitola nkuigwedeza pang'ono imadzuka. Ine amene ndimalankhula ndi manja omwe, yanga inali isanagonepo.

Chaka chatha nyengo yozizira chibayo chinandigwetsa. Mayi a kunyumba anatisiya kale, ndiye amene anandinyamula kupita nane kuchipatala ndi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene amakhala ku Chinsapo nkumasoka mayunifomu a ana a sukulu. Ndi mayi wamkulu, ali ndi banja lake. Anamwino pofuna kundiika diripi anati wotchi ichoke, mwana wanga nkuiika m'chikwama chake. Za masiku otsatirawo ndikukumbukira zochepa. Ndinagonamo masabata atatu.

Tsiku lotuluka, titafika kunyumba, ndakhala pampando pakhonde, mwana wanga anabwera akumwetulira atafumbata kanthu.

“Bambo, landirani katundu wanu. Ikuyenda bwinobwino.”

Isanafike nkomwe pamkono ndinadziwa kuti pali chalakwika. Inali yopepuka. Dzanja limene lanyamula chinthu zaka zonsezo silinamizidwa. Ndinayang'ana muvi wa masekondi. Wa wotchi ya makina umayenda mosalala, ngati madzi mumfuleni. Uwu unkadumpha, kuima, kudumpha, kuima, ngati chule. Ndinaiika pakhutu. Zii. Kenaka ka, patapita nthawi ka. Mawu aja a changuchangu amene ndinkawadziwa kuposa mawu a abale anga munalibe.

“Wotchi yanga unapita nayo kuti?”

“Ndinakaikonzetsa, Bambo. Inaima.”

“Unakaikonzetsa? Iwe? Mwana wobadwa m'nyumba ya ine, wokula ndi chakudya chochokera m'mawotchi, unatenga wotchi yanga kukaikonzetsa kwa munthu wina?”

“Nanga inu munali pati? Munali pa okosijeni, simunkatizindikira ndi kutizindikira komwe.”

Ndinamuuza kuti akoke sutikesi ija pansi pa bedi. Ndinatsegula kumbuyo kwa chigoba. Abale inu! Munali kapulasitiki kakuda konga chibatani cha jekete, kabatire pambali, ndipo pozungulira pake anatsekapo ndi zidutswa za katoni ya sopo kuti kasamagwedere. Katoni ya sopo! Makina onse, timagudumu, timiyala tofiira, theka la mwezi lija, zonse kulibe. Anaitumbula ngati nkhuku nkuikamo zinyalala.

Ndinakuwa. Sindibisa. Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka poganiza kuti matenda aja andibwerera. Ndinamunena mwana wanga mawu ambiri, ena oti sindingawalembe pano. Iye anangoima chilili mpaka mpweya unandithera, kenaka anati:

“Mwamaliza? Tsiku lachitatu muli m'chipatala ndinatsegula chikwama nkupeza wotchi yaima. Chibadwire changa ndinali ndisanaionepo itaima. Ndinati mukatsegula maso nkuiona chonchi, muganiza kuti basi kwatha, mutaya mtima. Ndinathamanga nayo kumsika tsiku lomwelo.”

“Ukanangoigwedeza! Kungoigwedeza chabe, chonchi!”

“Anandiuza ndani zimenezo? Munayamba mwandilolapo kuikhudza? Ndili mwana ndikangoyandikira tebulo lanu munkati choka apo, mpweya wako uchititsa dzimbiri.”

Anatenga chikwama chake nkukakwera minibasi ya ku Chinsapo. Chakudya chimene anandiphikira anachisiya chovundikira patebulo. Chimene ananenacho chinali choona, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera ukali.

Anali atanditchulira kumene anapita nayo. M'mawa mwake ndinatenga ndodo. Adokotala anati ndipume mwezi, koma ine ndinkadziwa kuti tsiku lililonse limene makina aja ali m'manja mwa munthu wosadziwa, china chake chikuthyoka, kapena atayidwa kale kudzala. Mtunda umene kale ndinkauyenda ndisanamalize kuimba nyimbo imodzi ndinapumira katatu.

Kabenchi ka munthu anaitumbulayo kali pafupi ndithu ndi khonde limene panali tebulo langa. Ndi bambo wandevu zake, wamimba, osati mwana ayi. Pachikwangwani analemba kuti amakonza mafoni, mawailesi ndi mawotchi. Mawu akuti mawotchiwo ndimatha kuwawerenga ngakhale ali patali. Ndinaika wotchi pabenchi pake.

“Ndiwe unagwira iyi?”

Anaiyang'ana nkumwetulira. “Eya, madala, ndaikumbuka. Anabwera nayo asisi ena ake akulira. Yavutanso? Batire lake ndi latsopanotu.”

“Zamkati zake zili kuti?”

“Zakale zija? Madala, inu mukanandithokoza. Wotchi imene ija inali dedi. Ndinaitsegula, ndinafufuza paliponse, inalibe ndi poika batire pomwe. Ndiye ndinakuikirani injini yamakono. Imeneyo simudzavutika nayo.”

“Inalibe poika batire! Anthu inu bwerani mudzamve! Munthu uyu akuti wotchi yanga inalibe poika batire! Nanga ng'ombe ukaitsegula umapezamo poika petulo? Wakufa ndi mutu wakowo, osati wotchi yanga!”

Anthu anayamba kusonkhana. Akabaza anaimitsa njinga. Iye anayamba kuyang'ana uku ndi uku.

“Musandiyalutse pa bizinesi yanga, madala. Ine ndinapita kukoleji ya zamagetsi.”

“Kukolejiko anakuphunzitsa kutseka wotchi ndi katoni ya sopo? Ine ndinakhala pakhonde apo iwe usanabadwe. Funsa aliyense.”

Mayi wina wogulitsa tomato, amene anayamba malonda pamsikapo ine ndikadali patebulo, anafuula ali pamalo pake: “Achimwene, mwaputa olakwika. Amenewo ndi eni ake a mawotchi pa Kawale pano. Apatseni zawo, apo ayi tonse sitigulitsa lero, makasitomala athawa phokoso.”

Anthu anaseka. Wandevu uja anang'ung'udza, nkuwerama pansi pa benchi, nkutulutsa chitini chachikulu cha mkaka wa ana. Anachikhuthulira pa nyuzipepala. Munali timasikuluwu, mabatani a mafoni, mawaya, ndi timasipika ta mafoni akufa tosawerengeka, tonse titamatirirana chimulu chimodzi. Pakati pa chimulu chimenecho ndinaona kuwala kwa kachitsulo kopukutidwa. Makina anga. Timasipika titatu tinali titakakamira pamenepo ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

Ndinawatola ndi mpango, osati ndi zala. Ndinaika kagalasi padiso pomwepo anthu akuonerera. Timagudumu tinalipo tonse. Fumbi, tsitsi la munthu, nyenyeswa za buledi, koma mano onse anali athunthu. Katsitsi kanaliponso. Katsitsi ndi kasipuling'i kopyapyala kuposa tsitsi la khanda, kopindidwa mozungulira, kamene kamatamuka nkubwerera, kutamuka nkubwerera, ndipo ndi kamene kamalamula kuti wotchi ithamange kapena ichedwe. Kakaduka kameneko, m'Lilongwe muno mulibe kokapeza kena. Kanali kopindika pang'ono mbali imodzi, koma kosaduka. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Koma theka la mwezi lija panalibe.

“Panali kachitsulo kolemera apa, kooneka ngati mwezi woduka pakati. Kali kuti?”

Anakanda ndevu. Kenaka anatambasula dzanja nkutola kanthu pambali pa foni imene ankakonza. “Aka? Akatu kamandithandiza, madala. Nkopyapyala bwino m'mphepetemu, ndimakanulira magalasi a mafoni.”

Kachitsulo kamene munthu wina kutali uko anakayeza kulemera kwake mosamala, kamene kanazungulira pamkono wa mphunzitsi wanga ndi pamkono wanga moyo wonse, iye anakasandutsa chokanulira. Kanali kopindika ngati supuni yakale, ndipo pakati pake, pamene kamakhalira pa makina, anachita kukazula ndi pulayala mmalo momasula sikuluwu imodzi yokha. Sikuluwu imodzi! Ndinakweza ndodo. Sindikudziwa ngati ndikanamumenya. Wakabaza wina anandigwira mkono nkunena kuti, “Agogo, mungagwe, musiyeni.” Ndinatsitsa ndodo, ndinamulanda wandevu uja kachitsuloko, ndipo ndinamuuza kuti mawu akuti mawotchi awafute pachikwangwanipo. Mpaka lero sanafute.

Ntchito yoibwezeretsa inanditengera masabata awiri, pomwe kale inali ya tsiku limodzi. Ndinkakhala pawindo m'mawa dzuwa likamalowa bwino, nditayala nsalu yoyera patebulo. Chibayo chinandisiyira manja onjenjemera, ndiye ndinkatsamiritsa zigongono zonse patebulo nkugwira mpweya ndisanatole kanthu. Ndinamasula chilichonse, kutsuka mu benzini, kuumitsa papepala, kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano pa kamwala kalikonse. Kumbuyo kwa nkhope ya wotchi kumakhala timiyendo tiwiri togwirira pa makina. Munthu uja anatithyola nkumata nkhopeyo ndi guluu. Ndinapala guluuyo pang'onopang'ono nkulumikiza timiyendo tina ta waya wa kopa. Mivi anaifinya ndi pulayala kuti ikwane pa kapulasitiki kake, ndinachita kuibooleza mwatsopano. Katsitsi ndinakawongola tsiku lakelake, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo thukuta linanyowetsa malaya ngati ndalima.

Theka la mwezi lija linakanika. Ndinaliwongola pa thabwa, koma pakati pozulidwa paja panalibe chochita. Ndinalikulunga m'kapepala nkuliika m'sutikesi. Mwayi wake wotchi imeneyi imalolanso kuipukusa ndi zala pa kamutu ka pambali. Ndinapukusa. Kagudumu ka katsitsi kananjenjemera, nkuyamba kuvina. Mawu aja anabwerera.

Ndinaitchera pa nkhani za pawailesi za seveni koloko m'mawa. Pofika nkhani za masana inali itatsogola ndi mphindi makumi awiri. Wotchi yanga, imene kale inkaphonya mphindi imodzi pa sabata! Ndinaitsegulanso. Ndikuyang'ana katsitsi ndinaona kuti mizere yake iwiri ikumamatirana ikamatamuka. Ndinayesa mafuta agwerapo, ndinatsukanso. Chimodzimodzi. Kenaka ndikufuna kutola kasikuluwu ndi chopanira, kasikuluwuko kanadumpha kokha nkukakamira kunsonga. Pamenepo ndinamenya tebulo. Maginito! Timasipika ta mafoni tija timakhala ndi maginito mkati, ndipo makina anga anagona pakati pa timeneti pafupifupi masabata atatu. Chitsulo chonse chinali chitamwa maginito. Katsitsi kakamamatirana kamafupika, ndipo kakafupika wotchi imathamanga ngati wakuba.

Maginito satsukika ndi benzini. Mphunzitsi wanga anali ndi kabokosi ka magetsi kochotsera, koma anapita nako kumudzi. Ndinkadziwa mmene kankagwirira ntchito: mkati mwake munali waya wokulungidwa kambirimbiri, pakati pali bowo. Umayatsa, kulowetsa wotchi m'bowomo, nkuitulutsa pang'onopang'ono mpaka mkono utatambasuka wonse, ndiye nkuzimitsa. Ndinaganiza kuti waya wokulungidwa chotere ndingaupeze kwa anthu omanga mamota a zigayo ndi mapampu. Ndinakwera kabaza kupita ku Biwi, kumagalaja.

Ndinapeza bambo wina wa msinkhu wapakati, wa ovolosi yakuda ndi mafuta, akukulunga waya pakhomo pa shedi yake. Ndinamufotokozera. Iye anati:

“Bambo, ine anthu amabwera ndi mota ya chigayo pa ngolo. Inu mwabwera ndi wotchi m'mpango.”

“Mota yako ikalakwitsa pang'ono ufa umatulukabe. Yangayi ikalakwitsa pang'ono ndiye kuti ndi yabodza. Koyilo uli nayo kapena ulibe?”

Anaseka, koma osati monyoza. Analowa mkati nkutulutsa koyilo ya mota yaing'ono, yochotsa zamkati, bowo lake lokwana dzanja. Analumikiza mawaya kudzera pa babu kuti isapse. Tikuti tiyatse, magetsi anazima. Tinakhala pa matayala akale kudikira, iye akundifunsa mafunso. Ameneyo ndiye mmisiri, amafunsa asanagwire. Ndinamutsegulira kumbuyo nkumubwereka kagalasi. Anayang'ana katsitsi kakuvina, kenaka anati, “Zimenezi anapanga ndi anthu?” Ndinati eya, anthu, ndipo wina pa Kawale anaziponya m'chitini cha mkaka.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Koyilo inayamba kulira ngati njuchi. Ndinalowetsa wotchi, ndinamva ikunjenjemera m'zala. Ndisanayambe nkomwe kuitulutsa, iye anazimitsa.

“Iwe! Wazimitsiranji?”

“Ndimaopa ingapse, Bambo. Koyiloyi ikutentha.”

“Ukazimitsa ili mkati ndiye kuti waithira maginito ena oposa oyamba! Yatsa! Ndipo usakhudzenso mpaka ndikuuze, ngakhale utaona utsi!”

“Pepani, abwana a mawotchi,” anatero akuseka, nkuyatsanso.

Ndinalowetsanso. Ndinayamba kuikoka pang'onopang'ono, ndikubwerera m'mbuyo phazi limodzi, lina, mpaka msana unagunda chitseko cha shedi. Fungo la waya wotentha linali litayamba kumveka. Ndinati zimitsa. Tinachita chimodzimodzi ndi chopanira ndi masikuludiraiva anga, chifukwa nazonso zinali zitatengera. Nditayandikitsa chopanira pa kasikuluwu, kasikuluwuko kanangokhala phee pamalo pake. Ndinayang'ana katsitsi: mizere yonse yotalikirana bwino, ikutamuka nkubwerera mosakhudzana.

M'mawa mwake ndinaitcheranso pa nkhani za seveni koloko. Masana inali pomwepo. Tsiku lotsatira inali itatsalira ndi theka la mphindi. Ndinasuntha kolamulira liwiro pang'ono kwambiri, mwina kuchepera kunenepa kwa tsitsi. Tsiku lachitatu wowerenga nkhani akuti nthawi ili seveni koloko, muvi wanga unali pamutu penipeni. Ndinafuula ndili ndekha m'nyumba, mpaka nkhuku za eni ake panja zinabalalika.

Koma musaganize kuti ukali unatha. Wotchi imene inkadya kuyenda kwanga tsopano ndi yolumala. Ndikaigwedeza pakhutu sindimvanso kulemera kuja kukuzungulira mkati. Ndikapanda kuipukusa m'mawa, mawa lake imagona, ngakhale nditayenda nayo mpaka ku Mgona nkubwerako. Munthu anaichotsa chiwalo chifukwa choti sanachimvetse, ndipo akudya bwinobwino pabenchi pake. Chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti sanachite mwankhanza. Ankaona ngati akundithandiza. M'tauni muno tadzaza anthu otere, oti chinthu akapanda kuchidziwa amati nchakufa.

Mwana wanga anakhala mwezi wathunthu osaponda pakhomo panga. Ndiwo ankatumiza ndi mnansi wanga amene amagulitsa ku Chinsapo. Ine sindinamuimbire foni. Loweruka lina m'mawa ndinangoona watulukira, chikwama kukhwapa, nkhope yolimba. Anandipatsa moni wa mlendo, nkukhala pa mpando wina. Maso ake anali pamkono wanga.

“Ikuyenda?”

“Ikuyenda. Si chifukwa cha iwe.”

“Ndamva kuti munakachititsa manyazi munthu kumsika.”

“Anadzichititsa yekha.”

Kenaka anati, “Mukadzadwalanso ndidzatani nayo? Ndidzaigwedeze?”

“Kugwedeza sikuthandizanso. Chogwedezeracho anakanulira mafoni.”

“Ndiye mundionetse. Kapena mpweya wanga ukadachititsabe dzimbiri?”

Ndinamuyang'ana. Amasoka makolala a yunifomu tsiku lonse, zala zake nzokhazikika kuposa zanga tsopano. Tsiku limenelo ndinali ndisanaipukuse. Ndinamasula lamba nkumuuza kuti akasambe m'manja ndi sopo, aumitse bwinobwino. Anapita kukasamba. Atabwerako ndinamuika wotchi m'dzanja lamanzere.

“Suipukusa ili pamkono, umayamba waivula. Gwira kamutuko ndi zala ziwiri. Osakoka! Ukakoka usuntha mivi. Pititsa kutsogolo, pang'onopang'ono. Ukumva kulira kwakeko?”

“Ndikumva.”

“Werenga. Ukafika makumi atatu uleke. Si chigayo chimenecho.”

Anapukusa akuwerenga chapansipansi, lilime lili pakona pa mlomo monga amachitira akamalowetsa ulusi pa singano. Pa makumi awiri ndi zisanu ndinayamba kutambasula dzanja kuti ndimulande.

“Bambo, chotsani dzanja. Mwati makumi atatu.”

Ndinalichotsa. Anamaliza zisanu zotsalazo, nkuiika pakhutu pake, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira. Kenaka anandimanga lamba pamkono yekha, nkulowetsa pa bowo lolakwika, lothina. Ndinamukalipira, iye nkumasula nkumanganso.